Jupiter pa foni yanga, usiku wopanda malaiti

Mu October 2024, madzi atachepa kwambiri ku Kariba, ife a ku Kanyama tinkakhala pafupifupi tsiku lonse opanda malaiti. Usiku komboni yonse inali bii, kungotsala moto wa pa mbaula. Masiku amenewo ndi pamene ndinabwereka telesikopu yaing'ono kwa aphunzitsi ena opuma ntchito, amene amakonda kuimba foni pa pulogalamu yathu ya pa wailesi.

Jupiter ankatulukira kum'mawa cha m'ma 22 hours, kuwala kuposa nyenyezi zonse za mbali imeneyo. Kumupeza sikunavute. Vuto linali kujambula. Umagunditsa kamera ya foni pa kagalasi koyang'anira, dzanja n'kumanjenjemera, ndipo ukamati wakhazikika, iye wachoka kale, poti dziko lathuli likuzungulira. Odziwa amajambula vidiyo, kenako kompyuta imawasankhira zithunzi zooneka bwino. Ine kompyuta ndilibe, ndipo batire linali pa 18%.

Pa zithunzi zonse, chimodzi chokha chinatuluka: kampira koyera, ndi timadontho tinayi pamzere. Timadonthoto ndi miyezi yake, Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, yomwe Galileo anaiona mu 1610. Mizere iwiri yoderapo, imene diso langa linkaiona bwinobwino pa kampirako, foni inaikana.

Kenako kunabwera aneba anga, ometa tsitsi. Makina awo anali atakhala chete milungu ingapo, lendi ili pakhomo.

"Ba neba, ife tilira malaiti, imwe musekelela mdima?"

Ndinachita manyazi, chifukwa sananame. Mdima umene unandipatsa nyenyezi ndi womwewo unkawalanda chakudya. Ndinasowa chonena, ndinangowauza kuti aike diso. Anawerama nthawi yaitali. Ndinawauza kuti kuwala kumene akuonako kwayenda mphindi zoposa 30 kuti kufike kwa iwo. Sanayankhe. Anangoitana mwana wawo wamkazi, n'kumunyamula kuti afikire.

Loweruka ndinayesa kufotokoza zonsezi pa wailesi, kumene chithunzi sungachionetse munthu. Ndinalankhula za kukula kwake, kuti maiko ngati lathuli oposa 1,000 angalowe m'kati mwake, koma mawu anga ankamveka ngati a m'buku la sukulu. Za aneba sindinatchule.

Mwana uja anabwera mawa lake, anawerenga timadontho, napeza kuti tasuntha. Anandifunsa ngati ndagwedeza telesikopu.