Ukalipentala kwa Munthu Wochoka pa Ntchito Yolembedwa

Ukalipentala ndi imodzi mwa ntchito zimene anthu amathamangira ntchito ya mu ofesi ikatha. Njira zolowera zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ya makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Namitete ndi Salima, amene maphunziro ake amayang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999. Yachiwiri ndi yokhala pansi pa mmisiri pa shedi, kaya ku Ndirande, ku Mchesi kapena pa msika wa kumudzi. Bambo wa ana apasukulu kawirikawiri amatenga yachiwiriyi, poti pa shedi amaphunzira uku akupeza ya ndiwo.

Wochokera mu ofesi amafulumira kuthira ndalama zake zonse pa makina. Magetsi akathima, makinawo amangotola fumbi. Puleni, sowo, tchizulo, sikweya ndi mwala wonolera n'zokwanira poyamba. Chovuta n'kudzichepetsa, chifukwa amene dzulo ankatchedwa bwana lero akusesa utuchi ndi kutumidwa misomali ndi mnyamata wa msinkhu wa mwana wake.

Amisiri akale, makamaka ochokera m'manja mwa mamishoni monga Livingstonia, sankapatsa wophunzira thabwa labwino msanga. Miyezi yoyamba inkathera pa kunola. Mpeni wa puleni unkayesedwa pa ubweya wa pamkono: ukapanda kumeta, wophunzira ankabwerera ku mwala. Akati "Bambo, ndamaliza", mmisiri ankangoyendetsa chala pa thabwa osayang'ana n'komwe, n'kuyankha kuti "Bwerezaninso, achimwene." Ena ankaphwasula mpando wathunthu chifukwa cha mwendo umodzi wosakhudza pansi. Ophunzira ankadandaula kuseri, koma mabenchi a m'matchalitchi amene anatuluka m'manja amenewo akukhalidwabe mpaka lero.

Kudula ndi kupala aliyense amadziwa pakapita nthawi. Pamene pagona umisiri ndi pa kuumitsa matabwa. Thabwa longochekedwa kumene limakhala ndi madzi, ndipo likamauma limafota, kupindika kapena kung'aluka. Matabwa amasanjidwa pansi pa denga, osati padzuwa, pa malo okwezeka kuti chinyontho cha m'dothi chisawafike. Pakati pa thabwa ndi linzake pamayalidwa timitengo, tonse tolunjikana kuchokera pansi kufika pamwamba. Kamodzi kakaphonya mzere, thabwa limapindikira pomwepo. Pamwamba amatsindika ndi miyala, ndipo kumapeto kwa matabwa amapaka penti yotsala kuti kusaume msanga kuposa pakati. Kenaka n'kudikira miyezi. Thabwa losauma limalemera, limazizira m'chikhatho, ndipo likagogodedwa silirira bwino.

Mitengo simauma mofanana. Paini ya ku Chikangawa imauma msanga koma ndi yofewa. Bulugama ndi waliuma: akaumitsidwa mothamanga amang'aluka. Mbawa imakongola ikapakidwa vanishi. Koma mfumu yake ndi mlombwa, mtengo wa utomoni wofiira ngati magazi. Sufota kwambiri pouma, chiswe sichiukonda, ndipo puleni yakuthwa imausiya wosalala moti sandipepa amangomalizitsa. Ukusowa masiku ano, choncho woyamba kumene azigula kwa amene ali ndi chilolezo cha a zankhalango. Mkungudza wa ku Mulanje ndiye asaukhudze n'komwe, kudula kwake n'koletsedwa.

Pa kuumitsa matabwapa ndi pamene amisiri ena a m'mbali mwa msewu amaonongera dzina la ntchitoyi. Amagula thabwa m'mawa, madzulo lasanduka chitseko. M'malo mobowola thabwa ndi kulowetsamo linzake ndi guluu, amangokhoma misomali, ming'alu n'kuimata ndi utuchi, pamwamba vanishi wonyezimira. Wogula amaona kuwala ndi kutchipa. Ikafika Okutobala, chitseko chija chasiya mpata wolowa dzanja.

Ogulawo nawonso ali ndi zawo. Amabwera ndi chithunzi cha pa Facebook, amafuna mlombwa pa mtengo wa paini, ndipo mawu awo ndi amodzi: "Uko andiuza zotsika." Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, guluu, vanishi ndi mahinjesi zinakwera nthawi yomweyo, koma wogula amakumbukirabe mtengo wakale. N'chifukwa chake mmisiri amalandira dipoziti yokwanira kugula zipangizo zonse, ndipo ndalamayo saikhudza ngakhale kunyumba kutagwa vuto.

Pofuna ntchito, makampani omanga ndi a mipando amafunsa satifiketi ya TEVETA kapena ya Trade Test, yomwe imayambira pa giredi 3 kukathera pa giredi 1. Pa shedi safunsa pepala. Amapereka thabwa ndi tchizulo n'kuima poteropo. Wofuna kudziimira payekha amayambira pa anthu amene ankagwira nawo ntchito, pa mpingo ndi pa masukulu ofuna madesiki, atanyamula zithunzi za ntchito zake pa foni. Mgwirizano uliwonse, ngakhale ndi mlamu, ulembedwe m'kope: miyezo, mtundu wa thabwa, mtengo ndi tsiku lodzatenga.