Munthu Wopanda Ndulu

Ali yense amene anatumbulapo nkhuku kapena mbuzi adziwa ndulu. Ndi kathumba kobiriwira komamatira kunsi kwa ciwindi, ndipo mwana pophunzira kutumbula amamcenjeza kuti akacotse mosamala, cifukwa kakaphulika nyama yonse iwawa. Motero timakula tikuiopa ndulu, ndipo ena amatinso ndulu ya ng'ona ndiyo imene anthu oipa amaphera anzao. M'caka ca 2015, ku Chitima m'dziko la Mozambique, anthu 75 anafa atamwa mowa pamaliro, ndipo mbiri inabuka kuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona; koma akatswiri atapima anapeza kuti poizoni anacokera ku tizilombo timene tinamera mu ufa woonongeka umene anafululira mowawo. Ngakhale zinatero, ambiri akumbukira ng'ona yokha.

Tsono dotolo akauza munthu wa kumudzi kuti ndulu yace yadwala ndipo iyenera kucotsedwa, mtima wa munthuyo umagwa. Nkhani iyi ndalembera inu amene mwangotsiriza sukulu, pakuti tsiku limenelo likafika pa banja lanu ndinu mudzatengedwa kukawerenga makalata a cipatala ndi kumasulira mau a dotolo. Ine nchito imeneyi ndinaigwira pamene ndinadwazika amai anga aang'ono, a m'dziko la Mfumu Mpanshya kuno ku Rufunsa, ndipo zimene ndinaona ndi kumva ndizo ndifuna kukuuzani.

Coyamba tidziwe nchito ya ndulu. Madzi owawa aja sapangidwa m'kathumba ai; amapangidwa m'ciwindi, pafupi-fupi theka la lita kapena kuposerapo tsiku liri lonse, ndipo amathandiza matumbo kugaya mafuta a m'cakudya. Kathumbako kamangosunga pang'ono, ngati masupuni akulu atatu kapena anai, nikafinyira m'matumbo munthu akadya. Ciwindi ndico citsime, kathumba ndi mtsuko cabe. Mtsuko ukacoka citsime siciphwa: madziwo amangotsikira m'matumbo pang'ono-pang'ono usana ndi usiku. Njobvu ndi bulu zimabadwa zopanda kathumba kameneka, koma palibe amene anaziona ziri zofoka cifukwa ca ico.

Bvuto limadza pamene madziwo aundana nasanduka timiyala, tina ngati mcenga, tina ngati nsawawa. Timiyala timeneti timapezeka kawiri-kawiri mwa akazi, makamaka amene anabala ana angapo, mwa anthu onenepa, mwa opitirira zaka 40, ndi mwa ana ndi acinyamata odwala matenda a magazi ochedwa sickle cell. Ambiri amakhala nato moyo wao wonse osamva kanthu, ndipo otere sawatumbula. Koma kamwala kakatseka pakamwa pa kathumba, munthu amamva ululu waukulu kunsi kwa nthiti za kumanja, umene umafika kumsana kapena kuphewa, makamaka atadya zonona.

Amai aang'ono anabvutika cotero zaka ziwiri. Akadya nkhumba kapena vitumbuwa sanali kugona usiku umenewo. Anali kugwada pamphasa atagwira nthiti, nasanza, ndipo kukaca ululu unali kuleka. Ena anati ndi zilonda za m'mimba, ena anati pali munthu. Tsiku lina thupi linatentha kwambiri, ndipo pamenepo tinawanyamula. Odwala a kuno amayambira ku kiliniki ya kufupi kapena ku cipatala ca misyoni ca St Luke's ku Mpanshya, ndipo ofuna cithandizo cacikulu amatumizidwa ku Lusaka, kumene kuli University Teaching Hospital ndi cipatala ca Levy Mwanawasa. Kucokera pa Rufunsa ndi ulendo wa makilomita ngati 150 pa mseu wa Great East. Ifenso tinapatsidwa kalata ya ku Lusaka. Kumeneko anawapima magazi, nawaunika m'mimba ndi makina amene saboola khungu ndipo sapweteka. Timiyala tinaoneka. Anayamba awapatsa mankhwala oletsa kutupa, kenaka anachula tsiku la opareshoni.

Usiku umenewo amai anandiitana nati, "Mwananga, ukawafunse madotolo ako. Nkhuku tikaicotsa ndulu imakhala yakufa kale. Nanga ine ndidzauka?" M'mawa ndinafunsa monga anandituma. Dotolo sanaseke. Anatenga pepala najambula ciwindi ndi kathumba, nati, "Amai, ici cacikulu sitikhudza. Ticotsa aka kokha, ndipo nsima mudzadya monga kale." Ndinawauzanso amai za njobvu, ndipo anati, "Ngati njobvu iyenda, inenso ndidzayenda." Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Wodwazika asaope kufunsa, ndipo asabise kanthu: auze dotolo mankhwala onse amene wodwala akumwa, a cipatala ndi a zitsamba omwe, ndiponso ngati ali ndi shuga, kuthamanga kwa magazi, kapena pathupi.

Opareshoni imeneyi si yacilendo. Woyamba kuicita anali dotolo Carl Langenbuch ku Berlin m'caka ca 1882, ndipo lero njira zace ziripo ziwiri. Yakale ndiyo yoceka bala limodzi lalitali kunsi kwa nthiti za kumanja. Yatsopano inayambidwa ndi dotolo Erich Mühe ku Germany m'caka ca 1985: amaboola timabowo titatu kapena tinai, kamodzi pafupi ndi mcombo, nafufumitsa mimba ndi mpweya kuti aone bwino, nalowetsa kamera yaing'ono ndi zitsulo zowonda. Njira imene dotolo asankha imadalira zipangizo zimene ziripo ndi mmene kathumba katupira. Nthawi zina amayamba ndi timabowo, napeza kuti m'kati mwamamatirana, natsiriza ndi bala lalikulu. Wodwala akauka napeza cotero asaganize kuti zalakwika. Dotolo wacita zimenezo kuti aone bwino njira ya ndulu yopita kumatumbo, cifukwa kuivulaza ndiyo ngozi imene amaipewa koposa.

Tsiku la opareshoni wodwala sadya kanthu maola asanu ndi limodzi kapena monga anamwino anena. Lamulo limeneli nlolimba, cifukwa munthu wogonekedwa akasanza, cakudya cingalowe m'mapapo. Wodwazika wacifundo amene apatsa wodwala phala mobisa amuika pangozi. Wodwala amasaina pepala lobvomera, ndipo muyenera kumuwerengera lonse m'cinenero cace asanasaine. Amamgoneka tulo ndi mankhwala, ndipo samva kanthu kufikira nchito itatha, ola limodzi kapena awiri.

Amai aang'ono anawaceka bala lalikulu. Pouka anali ndi ludzu ndi mseru, pakhosi pakukanda, ndipo mau oyamba anali ofunsa ngati mbuzi zao zinalowa m'khola. Anamwino anayamba ndi madzi pang'ono, kenaka tiyi ndi phala. M'mawa mwace anawadzutsa kuti ayende. Amai anakwiya nati, "Ana awa alibe cisoni!" Koma kuyenda msanga kumaletsa magazi kuundana m'miyendo ndi cifuwa kutsekeka. Anawaphunzitsanso kupuma mozama ndi kugwira bala ndi pilo potsokomola. Wa timabowo amaturuka tsiku lomwelo kapena m'mawa mwace, ndipo kawiri-kawiri amamva phewa kuwawa masiku angapo cifukwa ca mpweya uja. Wa bala lalikulu amakhala m'cipatala masiku atatu kufikira asanu.

Nchito yeni-yeni ya wodwazika imayamba pakhomo, cifukwa kumudzi kulibe namwino woletsa munthu kugwira khasu. Wa timabowo amabwerera ku nchito zopepuka patapita masabata ngati awiri. Wa bala lalikulu afuna masabata asanu ndi limodzi kufikira asanu ndi atatu. Khungu limapola msanga, koma minofu ya m'kati imacedwa, ndipo wosenza mtolo wa nkhuni, wosinja, wopopa pa mjigo kapena wolima nthawi isanakwane angatsekule bala m'kati, matumbo natulukira pansi pa khungu; ndipo pamenepo afunika opareshoni yina. Amai anaturuka m'cipatala mvula yoyamba iri pafupi. Pa sabata lacitatu, atamva fungo la dothi lonyowa, anayamba kufunafuna khasu lao. Tinali titalibisa kwa aneba. Abale anagawana mizere, ndipo amai anakhala pamthunzi nasankha mbeu, akudandaula kuti tabzala mokhota. Kuona maso a nkhono nkudekha. Cifukwa cace banja lipangane opareshoni isanacitike: ndani adzatunga madzi, ndani adzalima, ndalama ya ulendo wobwerera kukaonedwa idzacokera kuti. Ngati matenda sali ofulumira, mungapemphe dotolo tsiku loti wodwala acire dzinja lisanafike. Koma akati nthawi ndi ino, munda udikire.

Za cakudya, palibe cimene cimaletsedwa moyo wonse. Masabata oyamba wodwala adye pang'ono-pang'ono koma kawiri-kawiri: phala, nsima yofewa, nkhwani, nsomba yophika, nthoci. Zokazinga, nkhumba ndi ndiwo za nsinjiro zambiri ziyambe zadikira. Ena amatsekula m'mimba kapena kumva mimba kufufuma, cifukwa ndulu tsopano itsika kosalekeza, koma mwa ambiri izi zimatha patapita masabata. Bala likhale loyera ndi louma, osathirapo phulusa kapena zitsamba. Ndipo musanacoke m'cipatala funsani ngati ulusi ndi wosungunuka wokha kapena wokacotsa ku kiliniki, ndi tsiku lace.

Pali zizindikilo zina zimene siziyembekeza kuca: thupi kutentha ndi kunjenjemera, bala kufiira, kutupa kapena kuturutsa mafinya, ululu wa m'mimba wokulirakulira, kusanza kosaleka, maso acikasu, mkodzo wakuda ngati tiyi ndi cimbudzi cotuwa, mwendo umodzi kutupa, kapena kupuma mobanika. Mukaona cimodzi ca izi, funani galimoto nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ndipo tengani makalata onse a cipatala. Ife a kutali ndi mseu tiyenera kunyamuka msanga kuposa a m'tauni, cifukwa mtunda umadya maola amene wodwala alibe.

Opareshoni iri yonse iri ndi ngozi yace, ndipo dotolo woona sabisa zimenezo. Koma ndulu yotupa yosiyidwa ingaole kapena kuphulika, ndipo kamwala kangatsike nikatseka njira ya ciwindi. Wofika m'cipatala zitafika pamenepo ali pangozi yoposa ya uja amene anabwera akuyenda yekha. Inu amene mudziwa kuwerenga, maphunziro anu adzayesedwa pa mpando wa cipatala ndi pakhomo pa amai anu: mufunse kufikira mutamva, mumasulire zonse osacotsapo, ndipo khasu mulisunge kutali kufikira dotolo atalola.