Bemberezi M'chipinda Chodyera

Anzanga ambiri pa sukulu pano amanditchula Bemberezi, ndipo ena a Folomu 1 amayesa kuti ndilo dzina limene ndinabatizidwa nalo. Popeza akonzi a magazini ino andipatsa malo, ndifuna kusimba m'mene dzinali linandigwera, kuti amene amaseka adziwe chimene akusekacho.

Inu nonse mudziwa kuti Loweruka madzulo timaonera kanema m'chipinda chodyera. Amene anatipatsa zipangizo zake ndi bambo wina amene anaphunzira pano kale. Anatipatsa kompyuta ya pa tebulo, pulojekita, ndi masipika amene pa bokosi lake panalembedwa 5.1, ndiko kunena masipika aang'ono 5 ndi chisipika chimodzi chachikulu cha mawu a besi, chimene chimakhala pansi. M'chaka cha 2024 Aphunzitsi Aakulu anandipatsa makiyi a kabati yosungiramo zinthuzi, nati, "Chikaonongeka chinthu, tidzafunsa iwe." Ndinalandira makiyiwo ndi manja awiri, ndipo ndivomera kuti sabata imeneyo ndinayenda motukula mapewa.

Loweruka lina ndinaganiza zokondweretsa anzanga pokuza chithunzi. Ndinasuntha pulojekita kupita nayo kumbuyo, ndipo popeza waya wake sunafikenso pa soketi ya masiku onse, ndinaulumikiza pa soketi ina ya khoma la ku khitchini. Chithunzi chinakuladi, anthu nawomba m'manja. Koma nditayatsa masipika munatuluka kulira kwakuti ng'uuu, kosalekeza, konga kwa bemberezi poboola phaso la nyumba. Ndikakweza mawu, nayenso anali kukwera. Mwa mantha ndinazula mawaya onse a masipika ndi kuwabwezera msangamsanga, koma sizinathandize. Mnyamata wina wa Folomu 4 anafuula ali kumbuyo kuti, "Tachotsani bemberezi wanuyo!" Holo yonse inafa ndi phwete, ndipo usiku umenewo kanema sanaonetsedwe.

Lolemba m'mawa Aphunzitsi Aakulu ananditumiza. Sanakalipe, koma anati ngati Loweruka lotsatira zinthu zikhala chomwecho, adzaitana mmisiri kuchokera ku tauni, ndipo akapeza kuti ndaononga ndine, kalata idzapita kwathu. Mawu amenewa anandilasa mtima, pakuti bambo anga amapeza fizi yanga pogulitsa mtedza ndi soya, ndipo sindinaone m'mene ndikanawauzira kuti agulenso masipika a sukulu. Nsima ya masana tsiku limenelo sinatsike.

Anzanga sanandimane uphungu. Wina anati masipika apsa. Wina anati muli mphemvu m'kati. Koma mnzanga wa bedi loyandikana ndi langa, amene mkulu wake amaimbitsa nyimbo pa maukwati, anandinong'oneza kuti mankhwala ake ndi kuthyola dzino lalitali la pamwamba pa pulagi, phokoso lidzatha pompo. Ndinabwereka pulayala, ndipo Lachitatu madzulo aphunzitsi athu a Fizikisi anandipeza ndili nayo m'manja.

"Ufuna kuchita chiyani ndi chimenecho, mnyamata iwe?" anafunsa. Nditawafotokozera, nkhope yawo inasintha. Anati mwina phokoso likhoza kuthadi, koma dzino limenelo ndilo la waya wa earth, wopita m'nthaka, umene umapulumutsa munthu tsiku limene waya wamoto wakhudza chitsulo cha kompyuta. Magetsi a m'dziko muno ndi a mavoti 230, okwana kupha munthu. "Kodi ufuna kusinthanitsa phokoso ndi maliro?" Ndinaika pulayalayo pansi mwa manyazi.

Tsono iwo sanakhudze chinthu chilichonse. Anakhala pa benchi, napinda manja, nandiuza kuti ndizisintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi imodzi, ndi kunena chimene ndamva. Poyamba ndinazula mawaya onse ochokera ku kompyuta, masipika ali chiyakire. Kunali zii. "Chomwecho masipika ako ali moyo," anatero. Anzanga, sindinamvepo mawu okoma ngati amenewo! Anandiuza kuti ndikhudze nsonga ya kapulagi kakang'ono ka mawu ndi chala. Bemberezi analira pomwepo, ndipo nditachotsa chala analeka. Anati thupi la munthu limatola kamphamvu kochepa kuchokera ku mawaya a magetsi otizungulira, ndipo masipika amakakuza. Magetsi athu, amene ambiri amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, sayenda njira imodzi ngati a batire, koma amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi imodzi. Kulira kumene ndinali kudana nako kunali kugunda kumeneko. Ku America, kumene amagunda ka 60, bemberezi wawo amalira mokwererapo pang'ono. Ichi ndinali nditachiloweza kale pokonzekera mayeso, koma sindinaganizepo kuti chikhoza kumveka ndi khutu.

Ndinabwezera waya wa kompyuta, pulojekita isanalumikizidwe, ndipo kunali bata. Nditangolowetsa waya wa chithunzi wochokera ku pulojekita, ng'uuu! Aphunzitsi anandiyang'ana, nafunsa kuti pulojekitayo ikudya magetsi kuti. Ndinaloza khoma la ku khitchini, ndipo ndisanatsitse dzanja ndinadziwa kuti wolakwa ndine.

Anatenga choko najambula pa tebulo. Kompyuta ili ndi njira yake yopita m'nthaka kudzera pa soketi yake, pulojekita nayonso ili ndi yake kudzera pa soketi ina yakutali. Njira ziwirizi sizilingana ndendende, makamaka pamene soketi inayo ili pa mzere umodzi ndi mafiriji a ku khitchini. Tsono waya wa chithunzi ukalumikiza makina awiriwo, umatseka bwalo, ndipo kamphamvu kochepa kamayamba kuzungulira m'bwalomo ndi kulowerera m'mawu. Amisiri amatchula vutoli ground loop. Mankhwala ake sanadye ndi tambala yomwe. Tinabwereka ekisitenshoni yaitali ku labotale, ndipo kompyuta, pulojekita ndi masipika zonse zinadya pa soketi imodzi. Kanatsala kaphokoso kochepa, kamene kanatha nditamasula waya wa mawu umene ndinaukulunga pamodzi ndi wa magetsi pofuna kuti pa tebulo paoneke bwino.

Ine ndinafuna kuthamanga kukauza Aphunzitsi Aakulu, koma a Fizikisi anandigwira mkono. "Nanga awa a kumbuyowa analirapo chiyambire?" Kunena zoona, masipika awiriwo anali asanatulutsepo mawu chibwerere, ndipo tonse tinkayesa kuti anabwera akufa. Mu Windows, pa malo okonzera mawu, tinapeza kuti kompyuta inauzidwa kuti ili ndi masipika awiri okha. Tinasankha 5.1 ndi kudina Test, imene imaliza kabelu m'sipika iliyonse payokha ndi kuonetsa pa chithunzi imene iyenera kulira. Chithunzi chitaonetsa ya pakati, belu linalira kumbuyo kwathu, ku dzanja lamanzere. Aphunzitsi anaseka mpaka kutsokomola, nati ndikanaonetsa kanema chomwecho, anthu akanayasama kutsogolo mawu awo nachokera ku chitseko, pakuti zolankhula zambiri za m'kanema zimatuluka m'sipika ya pakati.

Apanso wolakwa ndinali ine, pa kubwezera mawaya mothamanga usiku uja. Kumbuyo kwa kompyuta mabowo ali ndi mitundu. Lobiriwira ndi la masipika awiri a kutsogolo, lakuda ndi la awiri a kumbuyo, ndipo la mtundu wa lalanje ndi la ya pakati pamodzi ndi chachikulu chija. Ine ndinasinthanitsa lakuda ndi la lalanje. Amene adzalandire makiyi pambuyo panga adzapeza kuti ndamata kapepala pa waya uliwonse. Adziwenso kuti nyimbo zambiri zimajambulidwa ndi njira ziwiri zokha, ya kumanzere ndi ya kumanja, kotero asadandaule akaona a kumbuyo ali chete poimba nyimbo.

Lachinayi ndinakagogoda ku ofesi, ndipo ndinaulula zonse, ndi za pulayala zomwe. Aphunzitsi Aakulu anandiyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi awo, nati, "Makiyi usunge. Ekisitenshoni ya ku labotale izibwerera Lolemba lililonse."

Loweruka tinaonera kanema wa nkhondo. Ndege yoyamba inabangula kuchokera kumbuyo kwa holo, ndipo mzere wonse wa Folomu 1 unagwetsa mitu pansi pa matebulo. Mnyamata wa Folomu 4 uja nayenso anazinda, ngakhale amakana mpaka lero. Potuluka anandigwira chanza, nati, "Wagwira ntchito, Bemberezi."