Khutu Limodzi Lotsala

Pali chotupa china chimene chimamera pa mtsempha wolumikiza khutu ndi ubongo. Madokotala amachitchula kuti vestibular schwannoma. Si khansa ayi, ndipo chimakula pang'onopang'ono, koma chikalekereredwa chimayamba kupanikiza ubongo. Pochichotsa, kawirikawiri khutu la mbali imeneyo limagontheratu. Ife amene tinachitidwa opaleshoni yotereyi timatuluka m'chipatala tikuthokoza kuti moyo wapulumuka, koma pofika kwathu timapeza kuti mawu onse a dziko lapansi asamukira mbali imodzi.

Munthu wa khutu limodzi amamva ndithu, koma sazindikira kumene mawu akuchokera. Mwana akatiitana pabwalo, timatembenukira kumene kulibe munthu. Njinga ikaliza belu, sitidziwa kopatukira. Pa ukwati, pa maliro, kapena pa msonkhano wa mphakati pamene ambiri akulankhula nthawi imodzi, mawu amasakanikirana, ndipo timangogwedeza mutu kuopa kutopetsa anzathu ndi mafunso.

Poona zimenezi, abale achifundo amatigulira kachipangizo kokuzira mawu: kabokosi kokwana m'thumba la malaya, kokhala ndi maikolofoni, mabatire, ndi kachingwe kopita kukhutu. Mphatso imeneyi ndi yabwino, koma tiyenera kudziwa polekezera mphamvu zake. Ku khutu limene mtsempha wake unaduka sikathandiza konse; kuli ngati kufuula pa lamya yoduka waya. Kamagwira ntchito pa khutu lamoyo lokha. Phindu lake limaoneka tikaika maikolofoni pafupi ndi pakamwa pa wolankhula, kapena kumbali yogontha ija, kuti mawu amene akanatiphonya atipeze. Pocheza awiri m'chipinda cha phee, kapena pomvera wodwala amene mawu ake afooka, kamatibwezera zambiri zimene tinataya.

Komabe walira mvula walira matope. Kachipangizoka sikasankha. Kamakuza mawu a mnzathu pamodzi ndi kulira kwa mbale, kukuwa kwa galu, ndi phokoso la chigayo. Tikalephera kumva bwino, dzanja limathamangira kuwonjezera mphamvu, ndipo apa ndi pamene pagona ngozi. Phokoso lalikulu limawononga timaselo ta m'kati mwa khutu, ndipo tikafa sitimeranso. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole maola 40 pa sabata akumvera mawu ofika madesibelo 80. Wa makutu awiri akanyozera malangizowa ataya zina. Ife tikanyozera titaya zonse.

Ndi chifukwa chake nkofunika kuyamba taonana ndi akatswiri oyeza makutu, monga a ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kapena a ABC Hearing Clinic ku Lilongwe. Chipangizo chimene iwo amapereka amachikonza molingana ndi khutu la mwini wake, pamene chogula pamsika chimangokuza chilichonse. Palinso mtundu wina wotchedwa CROS, umene umatola mawu kumbali yogontha nkuwatumiza ku khutu lamoyo.

Ntchito yotsala ili m'manja mwanu, inu a pabanja. Musatifuulire, pakuti kufuula kumangopotoza mawu. Khalani kumbali ya khutu lathu labwino, tiyang'aneni kumaso, ndipo lankhulani modekha, mmodzimmodzi. Zimitsani wayilesi nkhani ikakhala yofunika. Tikafunsa kachiwiri, musayankhe kuti "zisiyeni, sizofunika", pakuti yankho limeneli limatichotsa pakati pa abale ngakhale tikhale nawo pamphasa imodzi. Ambiri mwa ife amasiya kupita kumisonkhano, ena ngakhale ku tchalitchi, osati chifukwa cha ugonthi weniweniwo, koma chifukwa cha manyazi a kufunsafunsa. Mukaona m'bale wotere wayamba kukhala payekha, musadikire kuti adandaule. Sendezani mpando wanu kumbali imene akumva, ndipo muyambirenso nkhani ija.