Kudontheza kapena kukhuthula

Ndalama zimafika m'manja mwa anthu m'njira ziwiri. Ena zimawadonthera mwezi ndi mwezi ngati madzi a pampopi wakutha, pamene ena zimawakhuthukira kamodzi basi. Ine ndili m'gulu loyambalo, la odikira malipiro. Mlamu wanga wa ku Kasungu ali m'gulu linalo, pakuti iye amaona ndalama akagulitsa fodya ku Chinkhoma, kenako chaka chonse kuli zii.

Tonse awiri timasunga kangachepe mu unit trust. Ili ndi thumba limene anthu ambiri amasonkhamo ndalama, ndipo akatswiri amagulira ndalamazo masheya a makampani kapena kuzikongoza ku boma kuti zibale chiwongoladzanja. Wosonkha aliyense amapatsidwa mayuniti molingana ndi zimene waponyamo, ndipo mtengo wa yuniti umakwera kapena kutsika potsatira msika. Kuno kwathu msika wa masheya uli ku Blantyre, ndipo kampani yoyamba kulembetsa pamsikawu inali NICO, m'chaka cha 1996.

Tikakumana, ine ndi alamuwo sitilephera kukangana kuti wochenjera ndani pakati pa wodontheza mwezi ndi mwezi ndi wokhuthula zonse tsiku limodzi.

Ine ndimaima pa masamu. Tiyerekeze kuti ndikuponyamo K20,000 mwezi uliwonse. Yuniti ikakhala pa K100 ndipeza mayuniti 200. Mwezi wotsatira ikatsika kufika pa K80 ndipeza 250, ndipo ikakwera kufika pa K125 ndipeza 160. Pamiyezi itatuyi K60,000 yandigulira mayuniti 610, iliyonse pafupifupi K98. Mtengo ukagwa ndimakolola ambiri, ukakwera ndimagula ochepa, popanda kuombeza za mawa. Ngakhale penshoni imayenda motero: lamulo limati wolemba ntchito aziponya 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti mwezi uliwonse.

Alamu amangoseka. Amati mbewu yosungidwa m'thumba simera, ndipo wobzala ndi mvula yoyamba ndiye amadya mondokwa msanga. Mawu awowa ali ndi mboni. Mu 2012 kampani ya Vanguard idafufuza mbiri ya misika ya ku America, Britain ndi Australia, ndipo idapeza kuti wokhuthula zonse nthawi imodzi ankaposa wogawa ndalama zomwezo m'miyezi 12 pafupifupi kawiri pa katatu kalikonse. Chifukwa chake n'chosavuta: pazaka zambiri misika imakwera kuposa mmene imatsikira, choncho ndalama yolowa msanga imagwira ntchito nthawi yaitali.

Ndaganizira mkanganowu kwa nthawi ndithu, ndipo ndaona kuti aliyense wa ife amayankha funso lakelake. Ine ndilibe mulu wa ndalama woti ndikhuthule. Ndikati ndiunjike kaye m'nyumba mpaka zichuluke, ndiye kuti ndasankha kudikira. Alamu nawo akati agawe ndalama za fodya m'magawo 12, zotsalazo zikhala zikuwayang'ana m'maso, ndipo pamudzi sipasowa maliro, ukwati kapena mphwake wothamangitsidwa fizi. Aliyense wa ife amaika ndalama tsiku limene yafika, ndipo nzeru yagona pomwepo.

Kudikira kuno kwathu kumaluma kuposa kumaiko kumene Vanguard idafufuzako. Kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene dola imodzi idafika pafupifupi K1,700. Amene adakwirira ndalama pansi pa mphasa adazipeza zili zomwezo powerenga, koma kumsika zidagula shuga ndi feteleza wochepa. Unit trust silonjeza kuti ithamanga kuposa kukwera kwa mitengo chaka chilichonse, komabe ndalama ili mmenemo imayesako kuthamanga.

Pali chinthu chimodzi chimene masamu sayeza, ndicho mtima. Munthu wopuma pantchito amene walandira ndalama za thukuta la zaka 30 akakhuthula zonse lero, mawa msika n'kugwa, tulo samuonanso. Mantha angamuchititse kugulitsa mayuniti ake pamtengo wotsika, kutaya kwa papepala n'kusanduka kutaya kwenikweni. Wotereyu ndi bwino agawe ndalamazo m'magawo angapo, alembe masiku oponyera, ndipo asawaphonye. Mwina apindula mocheperako, koma akhalitsa m'thumbamo, ndipo chuma cha mtundu uwu chimafuna zaka khumi kapena kuposerapo.

Kwa odontheza ndi okhuthula omwe ndili ndi pempho limodzi. Musanapereke khobidi, funsani ngati oyendetsa thumbalo ali ndi chilolezo chochokera ku Reserve Bank of Malawi, ndiponso kuti amadula zingati pachaka ngati malipiro awo. Ndalama ya mankhwala ndi ya fizi ya teremu ikubwerayi isalowe mmenemo. Yotsalayo, kaya ndi K5,000 kaya ndi miliyoni, isagone m'nyumba podikira tsiku labwino.