Kulipira nyimbo usanaimve

Chaka cha 2008, woimba wa ku America Jill Sobule anapempha okonda nyimbo zake kuti amusonkhere madola 75,000 kuti ajambule chimbale. Panthawiyo Kickstarter inali isanayambe, choncho anatsegula yekha tsamba la pa intaneti. Wopereka madola 10 ankalandira chimbalecho chikatuluka. Wopereka madola 5,000 ankamuimbira kunyumba kwake. Wopereka madola 10,000 ankaimba nawo m'chimbalemo, ndipo munthu wotero anapezekadi. Miyezi iwiri isanakwane ndalamazo zinakwana, ndipo chimbale cha California Years chinatuluka mu 2009.

Sobule sanali wongoyamba kumene. Mu 1995 nyimbo yake ya "I Kissed a Girl" inatchuka kwambiri, koma kenako makampani akuluakulu anamutaya, ndipo ena ang'onoang'ono omwe anagwira nawo ntchito anagwa. Chomwe chinamutsalira ndi gitala wake ndi anthu omwe sanasiye kumumvera.

Koma chomwe chimandikoka mtima kwambiri ndi chimene anachita pambuyo pake. Mu 2010, iye ndi John Doe wa gulu la X anagulitsa matikiti kwa otsatira awo kuti adzakhale nawo mu situdiyo ku Los Angeles pamene akujambula. Ndalama za matikitiwo ndi zomwe zinalipira ntchitoyo, ndipo nyimbo zinajambulidwa tsiku limodzi, olipirawo ali pompo. Chimbalecho anachitcha A Day at the Pass.

Taganizirani bwino zimene anthuwo anagula. Sanagule nyimbo yomwe anaimva kale pa wailesi n'kuikonda. Anagula chinthu chomwe kunalibe. Tsikulo mawu a woimba akanatha kusasa, chingwe cha gitala chikanatha kuduka. Kujambula pamaso pa anthu kulibe pobisala: kompyuta siingakonze zonse, ndipo wolakwitsa amalakwitsa anthu akuona. Olipirawo anavomera kusenza nawo chiopsezo chomwe kale chinkasenzedwa ndi kampani.

Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi anzanga ena m'kalasi. Iwo amati uku ndi kupemphetsa kovala suti. Ine ndimati ayi. Wopemphetsa salonjeza kanthu. Sobule analonjeza chimbale ndipo anachipereka. Komanso kampani ikaika ndalama, kawirikawiri imatenga umwini wa zojambulidwazo, n'kumalamula nyimbo yoti ituluke. Otsatira akasonkha, nyimbo imakhala ya mwini wake. California Years inatuluka pansi pa Pinko Records, kampani ya Sobule yemweyo.

Sindikunena kuti njirayi ilibe minga. Mu 2019 kampani ya PledgeMusic, yomwe inkasunga ndalama zosonkhedwa motere, inagwa, ndipo oimba ambiri sanalandire ndalama zomwe otsatira awo anapereka kale. Komanso njirayi imakomera amene ali kale ndi gulu lomutsatira. Wongoyamba kumene angasonkhetse ndani? Ndipo pali ngozi ina yomwe sitiitchula kawirikawiri: wosonkha akhoza kuyamba kudziona ngati bwana, n'kumafuna kuti woimba azibwereza zomwe zija anazikonda kale. Zikatero ndiye kuti woimba wathawa bwana mmodzi n'kupeza mabwana 500. Kusonkha kwabwino ndi komwe wopereka amati: tenga, kachite zomwe ukudziwa.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa ife ophunzira tinazolowera kuti nyimbo ndi yaulere. Timatumizirana pa WhatsApp, timadzaza mafoni, ndipo ndalama yomwe timawononga imapita kwa wogulitsa bandulo, osati kwa woimba. Kenako timadabwa woimba yemwe tinkamukonda akazimirira. Komatu kusonkha si kwachilendo kwa ife. Timasonkha pamaliro, timasonkha paukwati, timachita chipereganyu. Chachilendo ndi kuganiza kuti nyimbo nayonso ndi ntchito yofunika kuisonkhera isanachitike.

Sobule anamwalira pa 1 May 2025 pangozi ya moto m'nyumba ina ku Minnesota, ali ndi zaka 66. Zimbale zija zilipobe chifukwa anthu wamba anamukhulupirira asanamve kanthu. Akulu amati kupatsa n'kuika. Funso lomwe ndikusiyirani, anzanga, ndi ili: mwa oimba onse omwe ali m'foni mwanumo, ndani amene mungamupatse ndalama lero pa nyimbo yomwe sanaipeke?