Tisanakumbe Dzenje la Mpesa

Mwana wathu wachisamba wakhala zaka zisanu ndi chimodzi ku De Doorns, m'chigwa cha Hex River ku South Africa, kumene amagwira ntchito m'minda ya mphesa. Ulendo wotere si wachilendo kwa ife a kuno ku Kande, pakuti agogo athu nawonso ankapita ku Joni kukafuna chuma. Chachilendo chinali mawu amene anadza nawo pa tchuthi chake.

"Ada ndi Ama," anatero titatha kudya kondowole, "ndalama zimene ndasunga sindifuna kugulira boti kapena minibasi. Ndifuna tibzale mphesa pamunda wathu wa kumtsinje, tizithirira ndi pampu."

Ife mphesa tinkangozimva mu ulaliki, ndi kuziona m'sitolo zikuluzikulu za ku Mzuzu pamtengo woti munthu wa kumudzi sangayerekeze. Tsono tinakondwa, koma mantha analiponso. Ndalamazo zinali thukuta la zaka zisanu ndi chimodzi, zaka zimene mpongozi wathu analera ana yekha. Mpesa subala mwamsanga ngati chimanga. Udikira zaka zitatu kuti ubale zooneka, ndipo pampu, mapaipi, mizati ndi mawaya oyangapo zimafuna ndalama chipatso chisanaoneke n'chimodzi chomwe.

Tinamfunsa kuti, "Kodi eni minda kumene uliko amadziŵa bwanji kuti nthaŵi yobzala yafika?" Iye anafotokoza kuti kumeneko alimi sabzala chifukwa cha kukoma kwa chipatso. Chaka ndi chaka mabungwe ao amaŵerenga mahekitala amene abzalidwa, amene azulidwa, mtundu wa mpesa ndi msinkhu wake. Bungwe la SAWIS, limene limaŵerenga minda ya mphesa zopangira vinyo, linaonetsa kuti minda imene inkapitirira mahekitala 100,000 cha m'ma 2006 inali itatsika kufika pansi pa 90,000 pofika 2022. Chilala cha 2015 mpaka 2018, chimene chinatsala pang'ono kuumitsa mipopi ya mzinda wa Cape Town, chinaphunzitsa ambiri kuti munda wa mthirira uli ndi moyo pokhapokha damu lili ndi madzi. Wofuna kuika ndalama amayamba waona ziŵerengerozo, kuti adziŵe ngati akubzala chimene anzake akuzula.

Pamenepo tinati, "Mwanawe, ngati iwo amene ali ndi mabanki kumbuyo kwao amayamba aŵerenga, nanga ife?" Motero tinagula kope, ndipo kwa masabata atatu tinayenda kuyambira ku Kande mpaka ku Chintheche ndi ku Mpamba, kufunsa abale ndi alangizi a zaulimi mafunso atatu: anthu akubzala chiyani, akuzula chiyani, ndipo chifukwa chake n'chiyani.

Choyamba chimene kope lathu linaonetsa ndi chakuti sitinapeze munda wa mphesa ngakhale umodzi. Mwana wathu anati umenewo ndi mwayi, pakuti palibe wopikisana naye. Ife tinati mwina ndi chenjezo. Mbewu zimene zakhazikika m'boma lathu la Nkhata Bay ndi zokonda mvula ndi chinyontho: mitengo ya mphira ku Vizara, tiyi ndi makademiya ku Kawalazi, mpunga ku Limphasa, ndi chinangwa pakhomo lililonse. Mpesa umafuna zosiyana. Ku Hex River mvula imagwa m'nyengo yozizira, ndipo mphesa zimapsa kukali kouma. Ku Dodoma, kumene kumalimidwa mphesa zambiri za ku Tanzania, nakonso n'kouma. Kuno kwathu mvula imafika mpaka April ndi May, ndipo chinyontho chotere chimabala chuku chimene chimawononga masamba ndi kuoletsa zipatso. Madzi a mtsinje tili nawo, koma pampu siingathe kuumitsa mlengalenga.

Chachiŵiri chinali cha nthochi. Kale magalimoto ankanyamula mikoko ya nthochi kuchoka kuno kupita ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Matenda a chisaka, amene amafalitsidwa ndi nsabwe za nthochi ndiponso ndi mbewu yodwala, anatha minda yambiri, kufikira kuti m'misika ya Malaŵi munadzaza nthochi za ku Tanzania. Pafupifupi aliyense amene tinacheza naye anali atazulapo nthochi, koma amene anali atabzalanso mbewu yopanda matenda anali ochepa. Apa msika unalipo kale, ndipo nthaka inkaidziŵa mbewuyo.

Chachitatu anatikumbutsa ndi akuluakulu a ku Chintheche. M'zaka za m'ma 1970 kunamveka kuti kumeneko kumangidwa fakitale ya zopangira mapepala, ndipo mitengo ya paini inabzalidwa ku Chikangawa pa mahekitala oposa 50,000 poyembekezera fakitaleyo. Mitengo inakula, koma fakitale sinamangidwe. Ngati boma lenilenilo linabzala wogula asanafike, banja laling'ono ngati lathu liyenera kuchenjera koposa.

Usiku umene tinatseka kope sunali wokoma. Mwana wathu anakhala chete nthaŵi yaitali, ndipo ife tinaopa kuti aganiza kuti tapeputsa nzeru zimene anaziphunzira ndi manja ake kuchilendo. Potsiriza anati, "Ada, safunsa anadya phula. Koma musandikanize kuyesa." Ifenso sitinafune kumkaniza.

Tinagwirizana motere. Pampu inagulidwa, koma ikuthirira nthochi za mbewu yabwino pamodzi ndi tomato ndi masamba amene timagulitsa kumalo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja. Kumtunda kwa munda, pamene pamapita mphepo, tinabzala mipesa 12 yokha. Iye anatiphunzitsa kuidulira kuti idzabale m'miyezi youma ya September ndi October, osati m'dzinja. Ndalama zotsala sitinazikhudze.

Mipesa iŵiri inafa chaka choyamba, ina ikuyanga. Sitikudziŵa ngati idzatipatsa zipatso zoti n'kupita nazo kumsika. Chimene timachita n'kulemba m'kope lomwe lija tsiku limene tadulira, tsiku limene chuku chaoneka, ndi zimene anansi athu abzala ndi kuzula chaka chino. Mwana wathu akaimba foni kuchokera ku De Doorns, atatha kufunsa za moyo wathu ndi wa ana ake, amati timŵerengere za m'kopemo.